Nkhope ya Apongozi a Sadiki

Ku Amaveni, komboni ya m'tauni ya Kwekwe kunja kwa Malawi, mukafunsa za Sadiki wojambula, aliyense akulozerani nyumba yake, kenako apukusa mutu. Munthu wabwino ndithu, koma makani ake, abale inu! Anabadwira m'komboni ya pamgodi, bambo ake atachokera ku Machinga. Nayenso anatsikako kumgodi mpaka chifuwa chinamutulutsa, ndiye anagula kamera ya filimu n'kuyamba kuzungulira m'maukwati, m'masadaka ndi pa Idi.

Lamulo lake linali limodzi. M'diso la kamera muli kabowo kolowera kuwala, kamene wojambula amakakulitsa kapena kukachepetsa. Kakakula, amaoneka bwino ndi akutsogolo okha. Kakachepa, akumbuyo nawonso amatuluka. Sadiki ankakafinya mpaka kumapeto, pa nambala 22, kaya kuli dzuwa kaya kuli mitambo. Pa tizithunzi takale tija, tokwana m'thumba la malaya, zinkayenda.

Ndiye mwana wake Munira anamutumizira kamera yamakono kuchokera ku Joni, yoona ndi tsitsi la m'mphuno lomwe. Trymore, amene amasindikiza zithunzi m'tauni ya Kwekwe, anamuchenjeza mpaka kutopa, akumutchula Mudhara, kutanthauza mdala m'chilankhulo cha kumeneko. "Mudhara, iyi mukaifinya choncho kuwala kumabalalika podutsa pakabowopo. Tizithunzi tanu takale tinkabisa zimenezi, iyi siibisa. Muziika pa 8." Sadiki ankangoseka. Mwana wadzulodzuloyu amuphunzitse iye? Zithunzi zikatuluka ngati zapakidwa mafuta, ankati vuto ndi makina a Trymore. Anthu akakulitsa chithunzi ndi zala pafoni n'kudandaula, ankati vuto ndi mafoni awo. Zotopetsa zedi.

Chaka chatha apongozi ake, mayi Asiatu, ananena kuti atopa, akufuna akafere kwawo ku Malawi. Alefa, mkazi wa Sadiki, anapempha chinthu chimodzi chokha: chithunzi chachikulu cha nkhope ya mayi ake, choti apachike pabalaza. Tangoganizani, mkazi wa wojambula koma analibe ngakhale chimodzi. Mayi Asiatu anali osunga mwambo, osayang'anizana ndi mkamwini. Akamuona akubwera, ankapatukira kuseri kwa mpanda, moti Sadiki ankawadziwa apongozi ake ndi msana.

"Bambo a Munira," anatero Alefa, "bwanji mumupatse Trymore kamerayo awajambule amayi pafupi?"

"Ine ndilipo, mlendo ajambule banja langa?"

Anagwirizana zoti pa tsiku lotsanzikana banja lonse lijambulidwe pamodzi, kenako nkhope ya mayiwo idzadulidwe n'kukulitsidwa. Mphamvu yochitira zimenezo kamerayo inali nayo. Tsikulo litafika, Sadiki analamula kuti mafoni onse abwerere m'matumba, chifukwa pomwe iye akujambula sipajambula wina. Mayi Asiatu anakaima kumbuyo kwenikweni, pansi pa mtengo wa mango, kutali ndi mkamwini. Sadiki ataona mtunda umenewo anachita zake zija, kufinya kabowo mpaka kumapeto. Pamthunzi, kabowo kochepa chotero, kamera imaphethira mochedwa kuti kuwala kukwane. Mayiwo atazindikira kuti mkamwini wawalozetsa kamera, manyazi anawagwira, n'kuyamba kutembenuza nkhope. Pomwepo Sadiki anadina.

Anasuzumira pa kagalasi kakumbuyo, mandala ake ali m'thumba, n'kunena kuti zatheka. Alefa anamuchonderera kuti abwereze. Iye anati sanayambe dzulo ntchitoyi. M'mawa mwake mayiwo anakwera basi.

Mvula isanagwe, uthenga wa maliro a mayi Asiatu unafika kuchokera kumudzi. Alefa sakanatha kupitako. Analira mpaka mawu kuuma, kenako anauza mwamuna wake kuti akatenge chithunzi chija.

Trymore anachikulitsa pakompyuta. Anthu onse ankaoneka ngati ali mkati mwa neti ya udzudzu. Pomwe panaima mayi Asiatu panali mpango wobiriwira, pansi pake chimbuuzi chokhachokha, popanda diso kapena mphuno.

"Makina akowa," anayamba Sadiki.

"Mudhara, lero ayi," anatero Trymore. "Ndisindikize kapena ndisiye?"

Anasindikiza. Sadiki anakwera nacho kombi, kaminibasi kopita ku Amaveni, atachikumbatira pachifuwa, akukonza mumtima zoti akanene: dzuwa linali loipa, mayiwo anasuntha, makamera a masiku ano ndi achabechabe. Mantha anali nawo, koma makani sanamuchoke.

Anapeza Alefa atakhoma kale msomali pakhoma. Mayiyo anapukuta manja pansalu, analandira chithunzicho n'kupita nacho pazenera. Anachiyang'ana nthawi yaitali, kuchiyandikiza kumaso, kuchitalikitsa. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa.

"Mpangowu ndi wa amayi," anatero. "Nanga amayiwo ali kuti, bambo a Munira?"