Wabodza wa pa Mtsinje wa Loire

A Célestin Rabineau anagwira ntchito imodzi moyo wawo wonse: kufufuza kumene mtsinje wa Loire wasamukira. Madzi a m'nyengo yozizira akasefukira n'kuphwa, mtsinjewo unkapezeka wasintha maganizo. Pamene chaka chatha panadutsa ngalawa yodzaza mchere, chaka chino mbalame zikungoyendapo pamchenga. Ndiye a Célestin ankakwera kabwato kawo ndi ndodo yoyezera, n'kumazika mitengo ya msondodzi, yothyola mutu mbali ino, yamasamba mbali inayo. Wodutsa pakati pa mitengoyo ankafika kwawo katundu ali wouma.

Ine ndinali wopanga migolo, nyumba zathu zinali zogundizana, ndipo ndikuuzeni kuti munthuyo anali wotopetsa. Mowa ayi, nthabwala ayi. Chuma chawo chinali chimodzi chokha: kuchokera ku Nantes mpaka ku Orléans amalinyero ankati, "Ngati wazika ndi Rabineau, gona tulo." Akamva mawu amenewo ankayang'ana pansi, koma khosi linkatalika.

Mudzi wathu wa Port-Audin unkadyera ngalawa. Pakati pa mtsinje pali chilumba, ndipo madzi akuya ankadutsa mbali yathu. Mayi Perrine, akazi awo a Célestin, ankaphikira amalinyero nsomba za mikunga padoko, ine ndinkawagulitsa migolo, wansembe ankawakhululukira machimo, aliyense ankapezapo kake. Kenako chaka china chigumula chinaunjika mchenga mbali yathu, madzi akuya n'kupita kuseri kwa chilumba, ku La Chênaie, mudzi wa anthu osadziwa n'kukazinga dzira komwe.

Tinawapitira a Célestin kunyumba tonse, ine patsogolo.

"Achimwene, mutu umodzi susenza denga," ndinatero. "Zikani mitengo mbali ino. Madzi alipo ndithu."

"Alipo olekeza m'mawondo," anayankha.

"Mawondo a ndani? Anu ngaatali!" anatero mayi Perrine. "Inu bambo, mukufuna tizidya mbiri yanuyo? Ndiiphike ndi anyezi?"

Anakana mlungu wathunthu. Tsiku lachisanu ndi chitatu anatuluka m'mawa osapereka moni kwa munthu, n'kukazika mitengo mbali yathu.

Ngalawa yoyamba kutsakamira pamchenga inali ya Mathurin Goupil, mkulu wamimba yaikulu wonyamula miyala yofolera nyumba. Inakhala pamenepo masiku anayi. Anthu ake anadya, anamwa, anatilemba ntchito yotsitsa katundu, kukoka ngalawa ndi kukwezanso katunduyo. Zinatsatira zina zisanu ndi ziwiri. Port-Audin sanaonepo chaka chokoma chotero: ngalawa yodutsa imadya kamodzi, yotsakamira imadya katatu pa tsiku. Pa phwando la mudzi tinawanyamula a Célestin pamapewa, iwo ali ndwii ngati tikupita nawo kumanda.

Koma amalinyero si ana. Goupil anayeza yekha kuseri kwa chilumba, napeza madzi omiza munthu ndi chipewa chomwe. Mawu anayenda mtsinje wonse: ukaona mitengo ya Rabineau, dzera kwinako.

Madzi saiwala khwawa. Chigumula chotsatira chinakokolola mchenga wonse mbali yathu n'kukautaya ku La Chênaie. A Célestin anayeza katatu, osakhulupirira, ndipo ndinawaona akuseka koyamba chibadwire. Anazika mitengo yawo mowongoka bwino, nthawi ino mtima uli mbee.

Ngalawa yoyamba kutulukira inali ya Goupil yemweyo. Itangoona mitengo inayamba kukhotera kuseri kwa chilumba.

"Kuno! Kuya kuli kuno!" anakuwa a Célestin.

"Tinadya kale mikunga ya akazi ako, mbava iwe!" anayankha Goupil. "Uwauze anachepetsa mchere!"

Unali mwezi wa Malichi, madzi ozizira ngati mpeni. A Célestin, bambo wa zaka makumi asanu ndi limodzi, anavula malaya n'kulowa mumtsinje, ife tikuonerera padoko. Madzi anafika m'chiuno, pachifuwa, mpaka m'khosi. Anaima pamenepo mutu wokha uli pamtunda, milomo itachita bii.

"Taonani nokha, a Goupil!"

Goupil anayang'anitsitsa, n'kutembenukira anthu ake. "Wagwada ameneyo! Anyamata, khotani!"

Anakhota, ndipo posakhalitsa tinamva ngalawa ikukhukhuluza mchenga. Anthu a ku La Chênaie anathamangira kugombe ndi madengu a buledi.

A Célestin anatuluka m'madzi akunjenjemera. Ndinachita manyazi kwambiri moti ndinalephera ngakhale kuwapatsa jekete langa. Amene analankhula anali mayi Perrine, akuwapukuta kumsana ndi nsalu yakukhitchini.

"Nanga mukulimbana nawo chifukwa chiyani? Kazikeni mitengoyo ku La Chênaie. Akaiona kumeneko abwera kuno okha."

"Ndiname kachiwiri?"

"Mukufuna ngalawa zidutse bwino kapena mukufuna akukhulupirireni? Sankhanipo chimodzi, bambo, zonse ziwiri munagulitsa kale."

A Célestin anagona masiku khumi ndi chifuwa. Atadzuka anazula mitengo yonse n'kukaizika pamchenga wa ku La Chênaie. Amalinyero anaiona, anatukwana, nadzera mbali yathu, pamadzi akuya, osakhudza pansi ngakhale kamodzi.

A Célestin anagwira ntchito motero zaka zina khumi ndi chimodzi. Chigumula chikapita ankayeza mtsinje mosamala kuposa kale, chifukwa bodza lawolo linkafunika kulondola ndendende, kenako n'kukazika mitengo kumene kulibe madzi. Palibe ngalawa inatsakamiranso m'dera lawo. Amalinyero achinyamata sankadziwa n'komwe kuti dzina lawo ndi Rabineau, podutsa ankangokuwa, "Moni, a Wabodza!" iwo n'kukweza dzanja.

Atadwala komaliza ndinapita kukawaona. Anandipempha kuti ndikauze Goupil, yemwe anali atakalamba nayenso, kuti tsiku lija sanagwade. Ndinakwera ngolo mpaka ku Saumur, ndinam'peza akuwothera dzuwa pakhomo, ndipo ndinamuuza zonse, ndi mbali yanga yomwe. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kundifunsa kuti, "Wakutuma ndani?"

"A Célestin eni ake."

"Basitu," anatero Goupil. "Ndiye kuti anagwada."