Njerwa Zonse Zinakhoza Mayeso

Kuseri kwa msika wa Nsaru kuli bambo ena amene anadzisankha okha kukhala oyesa njerwa. Palibe anawatuma. Munthu akangophwasula uvuni, iwo afika kale pa njinga, atolapo njerwa ziwiri, ulendo kukaziviika mumgolo wa madzi wa akazi awo.

Njerwa ikagonamo n'kutuluka yolimba, amaigogoda ndi supuni, khutu lili tcheru, n'kunena kuti, "Iyi yakhoza." Ikasungunuka, mwiniwake amauzidwa pagulu, ngakhale pamaliro: "Achimwene, mwawotcha chigumu, osati njerwa."

Chaka chatha anamanga nyumba yawo kufupi ndi dambo. Njerwa iliyonse inayamba yabatizidwa mumgolo muja. Mmisiri atafunsa za simenti, iwo anaseka. "Simenti ndi ya anthu okayikira njerwa zawo. Mangirani matope."

Mvula ya mu Febuluwale itakula, dambo linasefukira. Madzi ananyambita matope onse a m'mizere, makoma n'kukhala pansi, mwamwayi eni ake ali kumunda. Anthu atathamangira kukapepesa, anawapeza bambowo ali m'madzi olekeza m'mawondo, akutola njerwa imodziimodzi n'kumaigogoda ndi supuni ija.

"Taonani nokha!" anatero akumwetulira. "Yosweka ilipo apa? Zonse zakhoza!"

Akazi awo anali ataima poteropo, mphasa yonyowa ili pamutu.

"Zakhozadi, bambo," anatero mayiwo. "Ndiye tandiuzani, lero tigona m'njerwa iti?"