Lumanda Wanga wa ku Ipusukilo

Nditapuma ntchito ya mumgodi ndinalima dimba kuseri kwa nyumba yanga ku Ipusukilo. Ndine wa ku Chipata. Za ndiwo sindiphunzitsidwa ndi munthu wobadwira m'tauni.

Mbewu ya lumanda, ndiwo yowawasa ija ya kwathu, ndinagula pamsika. Inamera yonse, koma mtengo umodzi unaposa inzake. Masamba ake anali ngati zala, monga amakhalira a lumanda, kungoti owonda pang'ono. Ndinati ndi mtundu wamakono.

Lamulo la lumanda ndi limodzi: akachita maluwa msanga, masamba amatha. Choncho umatsina nsonga. Ndinatsina, mtengo unatulutsa nthambi ziwiri. Ndinatsinanso, zinakhala zinayi. Mvula isanathe unayamba maluwa, timaluwa tonyansa, tomata m'manja. M'mawa uliwonse ndinkatidula ndi kutaya kumpanda.

Mkazi wanga analawa tsamba limodzi nalavula.

"Bambo, lumanda wosawawasa munamuona kuti?"

"Mayi, inu phikani. Kulima siyirani ine."

Ndiye panali mnansi wathu, Mubemba wowotcherera zitsulo, amene zaka zonse sankandipatsa moni. Anayamba kusuzumira pampanda, chipewa chili m'manja.

"Ba shikulu, maluwawo musamadule. Mukuwononga chinthu!"

"Iwe unalimapo chiyani?"

Anangogwira kumutu. Zodulazo ankatola yekha, ine n'kumati munthuyu waphunzira ukhondo.

Lamlungu lina mphakati wathu wa Akatolika unakumana kwathu, tsiku losankha tcheyamani. Mpandowo ndinkaufuna, ndipo aliyense ankadziwa. Tisanayambe ndinatengera anthu kudimba kuti aone mmene munthu wadongosolo amagwirira ntchito. Pakati pawo panali mkulu wina amene anapuma upolisi ku Ndola. Anaima pamtengo uja, nathyola tsamba, nanunkhiza.

"Achimwene, wadulira ndani apa?"

"Ine. Ndi manja awa."

"Zaka zanga zonse kupolisi ndazula chamba chambiri. Koma chosamalidwa chonchi sindinachionepo."

Azimayi a mumphakati anachita chizindikiro cha mtanda. Mkazi wanga sanaseke. Anangoyang'ana kumwamba, zimene zinali zoipa kuposa kuseka.

"Ndi lumanda," ndinatero.

"Chabwino, ndi lumanda. Bweretsani khasu timuzule lumandayu tisanapemphere."

Ndinazula ndekha. Sindilola munthu wina kugwira khasu m'dimba langa. Ndinauduladula n'kuponya m'chimbudzi, wapolisi ataima pakhomo ngati mboni.

Tinalowa m'nyumba, tinapemphera, tinasankha. Manja amene anakwezedwa pa dzina langa anali awiri: langa ndi la mayi wina wosamva bwino. Mpando unapita kwa wapolisi.

Kuti andipepese anandipatsa udindo woyang'anira maluwa a patchalitchi. Ndinavomera. Ntchitoyo ndimaigwira mpaka lero, ndipo palibe duwa limene limafota. Kungoti ndikabweretsa mbewu yatsopano, tcheyamani amafuna ayambe wainunkhiza.