Mawu Olira Ngati "Home"

Ndinaganiza zochoka chaka chotsatana ndi chija dzombe linatera m'minda ya ku Kasenengwa. Msonkho unali utandipanikiza, chimanga m'nkhokwe chinkangofika m'mawondo, ndipo mkazi wanga Veronika anali ndi pakati pa mwana wathu woyamba. Anzanga ankapita kukalima fodya m'mafamu a azungu pafupi ndi Fort Jameson, kumene lero mukuti Chipata. Ine ndinali nditafika Sitandade 3 ku mishoni, choncho ndinkadziona ngati munthu wa pensulo. Ndinamuuza Veronika tikukumba nsawa kuti ndikupita ku Halale.

Anakhala kanthawi akukutumula dothi ku nsawa. Kenaka anati, "Muzilemba makalata. Aphunzitsi a Pio adzandiwerengera." A Pio anali katekisiti wa m'mudzi mwathu, ndipo makalata onse a m'mudzimo ankadzera m'manja mwawo.

Za ulendo sindinena zambiri. Tinadzera ku Tete, pena pansi pena pa lole, mapazi anga n'kuchita matuza mpaka ku Salisbury, mzinda womwe ife tinkautcha Halale. Ntchito ndinaipeza panyumba yosindikizira makadi a ukwati, a Khirisimasi ndi a maliro. Ndinkasesa ndi kunyamula mapepala. Mwini wake anali mzungu wokalamba amene tinkamutcha Bwana Magalasi. Chitupa changa, chikalata chondilola kukhala m'tauni, chinali ndi siginecha yake. Akanangolembapo kuti ntchito yatha, apolisi akanandigwira ngati mbava. Ngakhale lero, ndikamva nsapato zolemera kumbuyo kwanga, dzanja limathamangira m'thumba la malaya.

Ku komboni tinkagona anthu asanu m'chipinda chimodzi, koma sindinasungulumwepo chotero chibadwire. Kalata inabwera yakuti kwabadwa mtsikana, dzina lake Tereza. Ndinatumiza nsalu ndi mashereni pang'ono kudzera mwa munthu wopita kwathu, n'kudziuza kuti ndikapeza njinga ndibwerera.

Kenaka inayamba nkhondo yaikulu ya azungu. Kalaliki wachizungu amene ankapeka timavesi ta pa makadi anapita ku usilikali, ndipo makadi a maliro anachuluka. Bwana Magalasi ankadziwa makina, koma kupeka mavesi kunkamutulutsa thukuta. Azungu amafuna kuti mizere ya vesi ithere ndi mawu olira mofanana. Iwo amati "rhyme," ife pantchito tinkati laimu.

Lolemba lina kunabwera dona, mayi wachizungu, wovala zakuda. Mwana wake anafera kunkhondo. Anali atalemba yekha mizere itatu, ndipo anafuna kuti wachinayi ulire ngati "home," ndiko kuti kwathu. Makadi ankawafuna Lachisanu. Atatuluka, bwana anandipeza ndikuwerenga pepala lotayidwa m'malo molisesa.

"Lukasi, umawerenga Chingerezi?"

"Pang'ono, bwana."

"Undipezere liwu lolira ngati 'home.' Ukalipeza usiya tsache, uyamba kusanja zilembo. Koma ukandichititsa manyazi pamaso pa dona uja, ubwere ndi chitupa chako."

Ndinayankha msanga, mwina msanga kwambiri. Ndinalemba "come" ndi "some" papepala, pakuti onse amathera ndi zilembo zomwezo. Anayang'ana, n'kuvula magalasi.

"Awa akufanana m'maso mokha. Tamvera." Anawatchula limodzi ndi "home," ndipo ndinamva ndekha kuti akusiyana ngati ng'oma ndi chitini. "Gwiritsa ntchito khutu. Watsala ndi masiku atatu."

Khutu langalo ndi lomwe linali vuto. Ku mishoni tinaphunzira Chingerezi kwa mphunzitsi amene nayenso anachiphunzira m'buku. Ndinkasesa milomo ikugwedera, ndikuyesa zilembo chimodzichimodzi: bomu, domu, fomu, komu. Sindinkadziwa kuti mwa zimenezi liwu lenileni ndi liti, lopeka ndi liti, ndipo lotukwana ndi liti.

Lachitatu pa nthawi yopuma masana ndinathamangira kwa a Sitefano, bambo wa ku Chipangali amene anaphikira azungu zaka zambiri. Ndinawapeza kuseri kwa khichini akusenda mbatatesi.

"Achimwene, zimenezi nzosavuta," anatero. "Mawu a azungu ali ngati anthu. Alipo abale a bere limodzi, alipo asuweni. A bere limodzi a 'home' ndi 'comb,' chipeso cha dona, ndi 'foam,' thovu la sopo. Asuweni ndi 'stone,' mwala, 'bone,' fupa, ndi 'alone,' kukhala wekha. Amenewo amangoyandikira, safika."

"Nanga pa khadi la munthu wakufa ndiike chipeso?"

Anaseka mpaka kupukuta misozi ndi epuloni. "Ine ndimadziwa za m'khichini ndi m'bafa. Za kumanda kafunseni abambo a ku tchalitchi."

Ndinabwerera mtima uli m'mwamba. Lachinayi ndinapereka "stone" ndi "alone." Bwana anapukusa mutu. Anati amenewo amawagwiritsa ntchito akasowa pogwira, koma dona uja anali mphunzitsi wa piyano ndipo khutu lake silingalole zoyandikira. Anandiuza kuti mawa m'mawa ndifike ndi liwu kapena ndi chitupa.

M'mawa mwake ndinayenda kuchokera ku komboni ndilibe kanthu m'mutu. Ndinkaganiza za kubwerera ku Kasenengwa chimanjamanja, anthu n'kumaloza kuti uyo wa pensulo uja. Ndinatulutsa korona n'kuyamba kupemphera m'njira. Podutsa pa tchalitchi ndinakumbukira wansembe wina wa ku mishoni akunena m'Chingerezi za mzinda wa Papa. Sankati Roma ngati ife.

Nditalowa pantchito, bwana anatambasula dzanja kuti alandire chitupa. Ndinati, "Rome, bwana."

Analibwereza liwulo chapansipansi. Kenaka anamenya tebulo, n'kulemba "roam," liwu limene ndinali ndisanalionepo. Ndinadzamva pambuyo pake kuti limatanthauza kuyendayenda kopanda kokhazikika. Iye anamva liwu lina, ine ndinanena lina, koma onse amalira chimodzimodzi. Dona analira atawerenga khadi, ndipo ine ndinasiya tsache.

Mungaganize kuti mantha anathera pomwepo. Anachita kukula. Bwana tsopano ankakhulupirira kuti ndili ndi mutu wa mavesi, pamene ine ndinkadziwa kuti ndinangophunthwa pa liwulo. Sabata iliyonse kunkabwera liwu latsopano. Ndinagula kabuku, tsamba lililonse n'kuligawa pawiri, uku a bere limodzi uku asuweni. Ndinkatchera khutu m'masitolo, m'misewu, pa zenera la sukulu ya ana a azungu. Tsiku lililonse ndinkayembekeza kuti lero andigwira.

Makalata anga opita kwathu anayamba kufupika. Ndikanalemba chiyani? Njinga ndinagula, kenaka ndinafuna makina osokera, kenaka ndinaopa kuti ndikachoka malo anga atenga wina. Tsiku lobwera ndinalibe. Ndiye pansi pa moni ndi mawu ochepa a Chinyanja ndinkakoperapo mizere iwiri ya Chingerezi ya pa makadi athu, yolira bwino, kuti kwathu aone kumene ndafika. Mayankho ankabwera m'zilembo za a Pio. Ina inati, "Nyumba ndazira, denga alamu anu afolera." Ina inati, "Tambala uja tadya tokha." Ndinkaona ngati ndi nkhani wamba za kumudzi.

Nkhondo itatha kalaliki uja anabwerera, ndipo bwana anandibwezera tsache. Ndinagwira mwezi umodzi, n'kupempha ndekha kuti alembe pa chitupa. Zinali zitatha zaka zisanu ndi zitatu.

Pa lole yobwerera sindinapume. Ndinkadzifunsa ngati ndikapeza mwamuna wina pakhomo panga. Ndinatsikira pa Boma la Fort Jameson, ndinamanga makina osokera pa njinga, n'kuyenda ndikuikankha kudutsa ku Madzimoyo. Ndinafika dzuwa likupendeka. Veronika anali pakhonde akutongola nsawa, pambali pake mtsikana wamtali amene anandiyang'ana ngati ndine wamsonkho.

Anandipatsa mpando ndi madzi monga amachitira kwa mlendo. Anthu anabwera kudzapereka moni, koma panalibe nthungululu. Atabalalika, Veronika anakhala pamphasa patali pang'ono.

"Atate ake Tereza, ulendo uno bwanji simunalembe kuti mukubwera?"

"Ndinafuna kungofika."

"Mwina nchifukwa chake mwafika. Kasanu konse munalemba kuti mukubwera tikakolola."

Ndinati sindinalembepo zotero. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi chitini cha tiyi. Makalata anga onse anali mmenemo. Anatambasula imodzi, chala chake n'kupita molunjika pa mizere ya Chingerezi.

"Apa. Aphunzitsi anati apa."

M'mawa ndinapita kwa a Pio. Ndinawapeza akonza benchi la m'tchalitchi, tsitsi litayera. Sanakane.

"Mwana wanga, Chingerezi changa nchochepa. Ndinkazindikira 'home' basi, nthawi zina 'rest.' Enawo sindinakumane nawo. Ndiye mayi ali patsogolo panga, mwana kumsana, akufunsa kuti apo akuti chiyani. Ndikanati sindikudziwa, akanapita kwa yani? Ndinaona liwu la kwathu, ndinati akubwera. Chaka chotsatira ndikanasintha bwanji?" Anaika nyundo pansi. "Ndinaulula tchimoli kwa abambo kawiri. Koma inunso, munkalembera yani?"

Ndipamene ndinamva zonse. Chaka chilichonse Veronika ankazira nyumba, mlongo wake ankafolera denga, amayi a m'mudzi ankathandiza kumeretsa chimera cha thobwa. Tereza ankakhala panjira atavala diresi ya nsalu imene ndinatumiza. Chaka chachitatu anthu anasiya kuthandiza. Chachinayi anayamba kumuseka kuchitsime, ndipo akwawo anamuuza kuti apite kwa wansembe akafunse ngati ukwati wotere ungathe. Iye anazirabe nyumba.

Madzulo ake ndinamupempha chitini chija. Ndinati ndimuwerengera zimene mizereyo ikunena kwenikweni, pakuti anali ndi ufulu wozimva. Ndinayamba ndi kalata yoyamba. M'Chinyanja mawu aja sankaliranso mofanana, anangotsala ndi tanthauzo lake. Wina unkati wagona yekha pansi pa mwala kutali. Wina unkati wasiya kuyendayenda, wapita kwawo kwa Mulungu. Ndinali nditawasanja ndi manja anga, chilembo ndi chilembo, osamvapo chimene ndinkachimva tsopano. Nditafika pa kalata yachitatu ndinaiika pansi.

Veronika anasiya kutongola.

"Ndiye munkanditumizira mawu a maliro?"

"Ankalira bwino," ndinatero.

Sanalire, sanakalipe. Anapinda makalatawo imodziimodzi n'kuwabwezera m'chitini.

"Bola zimene ankanena aphunzitsi," anatero. "Zinandilimitsa munda zaka zisanu. Mawa mukawapepese, munawasenzetsa tchimo."

Kenaka anakankhira lichero la nsawa pakati pa ine ndi Tereza, n'kuuza mwanayo kuti asendere kuno, awaonetse atate ake mmene timasankhira zambewu.