Mpira Umene Ndinabwera Nawo ku Chinakanaka

Ndinaganiza zochoka tsiku limene kapitawo wa ku esiteti ya tiyi anatizulira chinangwa. Anati talima kupyola malire amene mzungu anatipatsa, ndipo anyamata ake anazula mizere yonse ya kumunsi mkazi wanga Esinati akuyang'ana, mwana ali kumbuyo. Njala yaikulu ija inali itangodutsa kumene, msonkho ukundidikira. Ndinamuuza Esinati tsiku lomwelo kuti ndikupita ku Halale. Sanalire. Anangoti, "Mufolere kaye nyumbayi, mvula isatipeze pamtunda." Ndinafolera. Mwana wathu Dankeni anali asanayambe kuyenda.

Tinanyamuka awiri, ine ndi Maliseni, mnzanga wa pamudzi pathu pafupi ndi Chinakanaka. Iye anasiya mkazi ndi ana atatu. Tinakwera sitima ku Luchenza, tinadzera kwa Apwitikizi, mpaka tinakafika mapazi atatupa ndi kukhala. Ntchito tinaipeza pa fakitale ya njerwa. Tinkagona anthu ambiri chipinda chimodzi, ndipo pakati pa onsewo munthu woti ndilankhule naye Chilomwe anali Maliseni yekha. Esinati ndinali nditamulonjeza zaka ziwiri. Koma ndalama zinkathera m'mimba ndi pa lendi, zotsalazo ndinkapatsira anthu obwerera kumudzi, pamodzi ndi nsalu kapena bulangete. Zina zinkafika, zina zinkathera m'njira. Chaka chilichonse ndinkati ndidikire china kuti ndisakafike chimanjamanja.

Tsiku lowawa linali Lamulungu. Masiku ena thupi linkatopa, mutu osaganiza. Lamulungu ndinkakhala pakhomo la chipinda kuyang'ana dziko lopanda phiri, ndikuyesa kuganiza kuti nkhope ya mwana wanga yafika potani. Ndicho chinandipititsa ku bwalo la mpira.

Timu ya pafakitale ankaiphunzitsa a Zuze, bambo wachikulire wa ku Beira, wopunduka bondo. Ine mpira ndinkaudziwa wa kwathu: ukabwera, umaima, n'kuuponda, kenako n'kuyang'ana woti umupatse. Tsiku loyamba ndinachita zomwezo, ndipo ndisanadzutse mutu mpira unali utapita.

"Iwe Mnyasa," anatero a Zuze, "waima ngati mtengo wa telefoni, ukudikira ndani? Cheuka mpira usanafike. Ukafika usauphe. Ukankhe pang'ono kumene ukupita, iwe n'kuutsata."

Zinanditengera miyezi. Nditazidziwa, anandiika m'timu yoyamba, ndipo akuluakulu a pafakitale anandichotsa ku ng'anjo n'kundiika kosanja njerwa, kumene kunali mthunzi. Osewera bwino ankawasamala choncho.

Maliseni sanapite ku mpira. Anapeza mkazi wa komweko, anasamuka m'chipinda chathu, ndipo zopatsira kumudzi zinatha. Chaka chachisanu ndi chiwiri ndinalandira uthenga wochokera kwa alamu anga, achimwene ake a Esinati, wakuti nyumba yagwa, ndipo ngati sindibwera amasula ukwati. Ndinapita kukatsanzika kwa Maliseni. Anandiperekeza mpaka pamsewu, ali ndi mwana wakhanda m'manja.

"Ukafika usakachulutse zonena," anatero. "Ukangoti ndili moyo."

Ndinafika kumudzi nyengo ya chiperoni, phiri litabisala. Esinati anandilandira mwaulemu ngati mlendo wa ku tchalitchi. Dankeni anathawira kuseri kwa nkhokwe. Sabata yonse ankandinena kuti "abambo aja". Malaya amene ndinamugulira anali aang'ono. Chimene chinamutulutsa chinali mpira wachikopa umene a Zuze anandipatsa potsanzikana. Nditaupopa n'kumanga chingwe chake, ndinamuona akusuzumira, ndipo mawa lake anabwera ndi anzake.

Panali kabwalo kuseri kwa sukulu ya m'mudzi, kotsetsereka, kodzaza ziputu. Ana ankafika dzuwa litapendeka, ena akuchokera ku sukulu, ambiri akuchokera kopalira m'minda ya tiyi. Anazolowera mpira wa masanza, umene sudumpha. Wachikopawu ukanyowa unkalemera, ndipo ankauopa. Ukamabwera ankaima chilili, maso atatsinzina, phazi lili m'mwamba. Mwa iwo ndinadziona ine mwini.

Tinayamba ndi kuyenda chabe. Ndinawaika awiriawiri, kuyenda limodzi kuchokera pa mtengo wa mango kukafika pachulu, akupatsirana. Ndinawauza kuti wopatsira asalunjike pa phazi la mnzake, aponye patsogolo pake pang'ono. Wolandira agwiritse mkati mwa phazi limene lili kutali ndi kumene mpira ukuchokera, alifewetse ngati akulandira dzira, chifuwa chiyang'ane kumene akupita. Atazolowera, tinayamba kuthamanga pang'onopang'ono. Kucheuka ndiko kunavuta. Ndiye ndinkaima kumbuyo kwa wolandira ndi chipewa changa, nthawi zina ndili nacho kumutu, nthawi zina m'manja, ndipo mwana ankayenera kunena pamene chili mpira usanamufike. Ankaseka, ena ankagwa. Dankeni anali wamng'ono pa onse, mpira unkamupitirira, koma tsiku lina anaulandira bwinobwino akuthamanga, ndipo anafuula kuti, "Ababa, mwaona?" Kanali koyamba kunditchula choncho.

Tikatha kusewera ana sankabalalika. Ankakhala pansi mondizungulira. Poyamba ndinkayesa kuti akufuna nkhani za mpira, ndipo ndinkawasimbira za mabwalo okhala ndi udzu wometa, za nsapato zamisomali, za m'mene mpira unandichotsera ku ng'anjo. Kenako mafunso anayamba kutuluka. "Bambo anga ali ku Bulawayo, munawaona?" "Anga ali ku Joni, ndi pafupi ndi kumene munali?" Ndinayang'ana nkhope zija imodziimodzi, ndipo ndinapeza kuti amene bambo awo anali pakhomo anali ochepa kwambiri.

Samisoni, mwana woyamba wa Maliseni, sankafunsa pagulu. Anali wamkulu pa onse, mawu atayamba kukula, ndipo ndiye ankalimira amake. Mpira ankaugwira msanga kuposa m'mene ine ndinaugwirira. Ankacheuka ndisanamuuze, ndipo mpira ukamukhudza unkapita kumene akufuna ngati wamangidwa ku chala. Tsiku lina anandinyamulira mpira mpaka kunyumba, ndipo tili m'njira anati:

"Bambo a Dankeni, amayi akuti munati bambo ali moyo. Nanga bwanji satumiza mawu?"

Ndinaganiza zomunamiza, koma anali atakula. Ndinamuuza kuti bambo ake ali ndi banja lina. Titafika pakhomo anafunsanso:

"Fakitale ija imalemba anthu osewera mpira?"

"Imalemba akuluakulu," ndinatero. "Iwe udakali mwana."

Anandipatsa mpira ndi manja awiri n'kupita. Patapita masabata angapo, mvula yoyamba ili pafupi, Samisoni anasowa. Anatenga bulangete ndi khasu, khasulo anakagulitsa pamsika wa pa Chonde. Ndinabwereka njinga ya alamu anga n'kupalasa mpaka ku Luchenza, koma sitima inali itadutsa dzulo lake. Mayi wina wogulitsa nthochi anati anamuona ali ndi amuna opita ku Halale, akuwanyamulira katundu.

Amake Samisoni anandipeza pabwalo ana akuyang'ana. Sanakweze mawu.

"Munapita ndi mwamuna wanga, mwabwera nokha. Sindinakufunseni kanthu. Tsopano mwana amene ankandilimira mwamuonetsa njira. Mizere ili theka. Andibzalira ndani?"

Kuyambira tsiku limenelo amayi ambiri analetsa ana awo kubwera. Tinatsala ochepa, osakwana matimu awiri, ndipo nkhani za ku Halale ndinasiya kusimba. Ndinatumiza mawu kwa Maliseni ndi kwa a Zuze kudzera kwa munthu wa ku Chonde amene ankabwerera ku ntchito. Mpaka lero yankho silinabwere. Sindidziwa ngati mwanayo anafika, ndiponso ngati anafika, sindidziwa m'mene bambo ake anamulandirira.

Ndinamuuza Esinati kuti ndikufuna kuuboola mpirawo. Anali akusenda nyemba za kalongonda, ndipo sanadzutse mutu.

"Mukuyesa ndi mpira wanuwo? Chaka chatha anapita anyamata awiri a kutsidyaku, mpira kulibe. Inu mwangofika kumene, n'chifukwa chake zikukudabwitsani. Pano mwana wamwamuna akayamba kutalika, timayamba kumusokera thumba."

Sindinauboole. M'mawa uliwonse ndinkayamba kwa amake Samisoni kukamaliza mizere ija, kenako n'kupita kwathu. Sanandithokoze, koma sanandithamangitse. Masana ndinalembetsa ntchito ku esiteti yomwe ija, pansi pa kapitawo wina. Malipiro ake a mwezi sankafika pa zimene ndinkalandira ku njerwa sabata ziwiri, ndipo nyumba yatsopano inali idakali yopanda chitseko.

Tsiku lina Loweruka tinali awiri ndi Dankeni pabwalo, chifukwa kunali kamvula ndipo ena sanabwere. Ndinkamuponyera mpira patsogolo, iye akuthamanga cha kuchulu. Anacheuka, anaulandira ndi phazi lakutali, n'kupitirira nawo osaima. Anachita choncho kangapo osalakwitsa. Atatopa anabwera nawo ataukumbatira, matope ali m'mimba monse.

"Ababa, mukamapita mudzandisiyire mpirawu. Ndizidzawaphunzitsa anzanga."

"Ndani wakuuza kuti ndikupita?"

"Palibe."

"Sindikupita kulikonse. Ndabwera."

Anagwedeza mutu mwaulemu, monga amachitira mwana pamene wamkulu wanena zoti sangamutsutse. Sanakhumudwe, sanandipemphe kuti ndikhale. Kwa iye bambo ndi munthu amene amabwera ndi katundu, n'kukhala dzinja limodzi. Anapukuta mpira ndi malaya ake n'kutsogola kunyumba. Ndinamutsatira pambuyo, ndipo sindinabwereze mawu aja, chifukwa tsiku limene ndinapalasa njinga kukafuna Samisoni ku Luchenza, ndisanabwerere ndinaima pa zenera la matikiti n'kufunsa ngati mtengo wa ku Halale unakwera.