Penti wa Madzi, Penti wa Mafuta

A Burashi anakalamba akulemba zikwangwani, mpaka dzina lawo lenileni linaiwalika. Chingerezi ankangochikopera chilembo ndi chilembo, koma panali mawu anayi amene aliyense ankawafuna pakhoma pake, ndipo ankawasowetsa mtendere: state of the art.

Pofunsa analibe manyazi. Wometa tsitsi anati ndi makina ometera obwera pa ndege. Mayi wa sukulu ya mkaka anangoti, "Ingolembani achimwene, makolo amawakonda." Wojambula zithunzi ndiye anayesako, anati ndi kamera imene anzake onse alibe.

"Ndiye kuti chinthu choposa zonse?" anafunsa a Burashi.

"Choposa zonse panopa."

Panopayo ndi amene anawavuta. Patapita zaka anadutsa kwa wometa uja, n'kupeza makina ali omanga ndi waya, koma mawu aja akuwalabe pakhoma. Anachita manyazi ngati wanama ndi iwo. Kuyambira pamenepo dzina la shopu ankalemba ndi penti wa mafuta, koma mawu anayiwo ndi wa madzi, kuti azisuluka limodzi ndi makina ake. Sanauzepo munthu.

Kenako mwana wawo wamkazi, wachisamba, anatsegula shopu yosindikiza zikwangwani. Chimene bambo ake ankachitira thukuta tsiku lonse pamakwerero, makina ake ankachilavula tiyi asanazizire. Makasitomala akale anayamba kupereka moni wapatali. Tisabise, zinawawawa a Burashi, ndipo maburashi awo anayamba kuuma m'chitini.

Tsiku lina m'mawa mwanayo anabwera. "Ababa, khoma lakutsogolo lija ndi lokhakhala, pepala silikumata. Mukandilembere."

"Ndikalembe chiyani?"

"Dzina la shopu. Pansi pake mawu anu aja."

Anafika ndi zitini ziwiri monga mwa masiku onse. Atamaliza dzinalo anatsika, n'kuima nthawi yaitali akuyang'ana cha madzi chija. Makina a mwanayu akadzatha, anthu adzabwerera kwa iwo. Koma mkatimo ankamumva mwana wawo akuseka ndi kasitomala, kuseka kwa malemu mayi ake kwenikweni.

Anatsekula cha mafuta. Analemba mawu anayiwo, anadikira kuti aume, n'kukweranso.

"Mukubwerezanso bwanji, Ababa? Akuoneka kale."

"Dzuwa la mbali ino ndi laukali," anatero osacheuka. "Tagwira makwererowa."