Bulangeti Lofiira la Amalume a Pilato

Amalume anga a Pilato anali ndi bulangeti, ndipo pamudzi ponse panalibenso wina anali nalo. Lofiira psuu, mizere yakuda m'mphepete, ukalikhudza ngati msana wa kamwana ka mbuzi. Tsiku limene anabwera nalo ine ndinavina mpaka kuphwanya mtsuko wa amayi.

Anali alongo awo a amayi, ndipo ankanyamula machila a mzungu wina wa esiteti kufupi ndi Limbuli. Phewa lawo lakumanja linauma gwaa ngati chikopa cha ng'oma. Dzinalo anachita kudzisankhira atalimva kutchalitchi. Aphunzitsi anayesa kuwauza kuti Pilatoyo sanali munthu wabwino, iwo amvekere koma pakamwa likukoma. Akamathamanga ndi machila ndiwo ankayambitsa nyimbo, ya Chilomwe, yonyoza mimba ya mzungu, mwini wake ali ndwii m'machilamo kumati anyamata anga akusangalala. Ndiye tsiku lina anamutsitsa kuphiri mvula ikugwa, njira ili yoterera, osamugwetsa. Mphatso yake inali bulangetilo.

Ine ndinati basi, chisanu chatha m'nyumba mwathu. Ayi ndithu. Amalume analipinda, kulikulunga m'masamba ouma a nthochi, n'kulimangirira kudenga. Linkatsika Lamulungu lokha kukawothera dzuwa pa mwala, iwo atakhala pambali kuthamangitsa nkhuku.

Chifukwa chake anandiuza ndi amayi. Pamene ankathawa kwa Apwitikizi, ine ndili kumsana, akazi awo a amalume anafera m'njira tisanawoloke Muloza. Panalibe nsalu ngakhale kachidutswa. Anawafotsera m'masamba. Kuyambira pamenepo amalume analumbira kuti iwo sadzalowa m'manda ngati nyama.

Kenako inafika Juni ndi chiperoni chake. Amene sanakhale kuno sadziwa. Phiri lonse limasowa, kamvula kosamveka n'komwe kamangowaza, koma kamalowa mpaka m'mafupa. Amayi pa chisanu sachita masewera. Anamata ming'alu yonse ya khoma, nkhuni anazilowetsa zisananyowe, ife ana kutigoneka pamodzi ngati mbatata, kutali ndi moto kuti wina asagubudukiremo. Wonyowa aliyense ankavula n'kudziumitsa asanagone.

Amalume okha ndiwo sankamva. Ankabwera kuchokera kumachila thukuta ndi mvula zitasakanikirana, n'kungodziponya pamphasa ndi chiguduli, bulangeti lili pamwamba pa mutu wawo. Chifuwa chinayamba pang'onopang'ono. Kenako anayamba kugwira m'nthiti akamapuma, amayi n'kunena kuti ichi n'chibayo. Anawafukiza nthunzi ya masamba, kuwaphikira phala lotentha, koma thupi linkangonjenjemera.

"Achimwene, fundani bulangetilo. Likutenthetsa denga?"

"Ndikalifunda litha. Tsiku langa mudzandikulunga m'chiyani, m'masamba?"

"Tsiku lanulo mukuliitana nokha."

Anangotembenukira kukhoma.

M'mawa wina amayi ali kumadzi, ndinakwera pamtondo, ndinatsitsa bulangeti lija, n'kuwafunditsa amalume ali m'tulo. Komatu linawakhala bwanji! Kunjenjemera kunaleka, nkhope inamasuka, ine mtima uli phaphapha kuti ndawachiritsa. Atadzuka analiyang'ana, kulisisita, ndipo ndikulumbira anamwetulira. Kenako analichotsa n'kuyamba kulipinda, manja akukanika.

"Joice, mwana wa mlongo wanga, kabweze. Ndalimva. N'labwino."

Ndinakabweza ndikulira.

Anzawo a kumachila anabwera zinthu zitavuta kale. Anamanga machila a nsungwi ndi ziguduli kuti athamangire nawo kuchipatala cha ku Mishoni. Amalume anaseka pang'ono, ati lero mzungu ndine, yambitsani nyimbo ya mimba ija. Anaiyimbadi potuluka pamudzi. Anabwerera asanafike n'komwe pa mtsinje wa Ruo, akuyenda pang'onopang'ono, opanda nyimbo.

Mng'ono wa amayi anatsitsa bulangeti. Nthawi imeneyo Danieli, kamlongo kanga, nako kanali katayamba kutsokomola. Ndinawakokera amayi kuseri n'kuwapempha kuti tingodulako theka, amalume sadziwa. Anandiyang'ana maso ali ofiira, n'kunena kuti munthu wafera chinthu chimenechi, ndiye timubere?

Linalowa lonse. Anthu kumanda ankanong'onezana kuti a Pilato apita ngati munthu wolemera, ena mpaka kusuzumira kuti aone mizere yakuda ija dothi lisanaikwirire. Pobwerera chiperoni chinali chikuwazabe. Amayi anatenga chiguduli cha amalume, kuchiyanika pamoto, n'kumufunditsa Danieli.